Kafukufuku wa m'kalasi amene sabwerera m'kalasi

Kuyambira mu 1993 mpaka 1997, boma la Mozambique linayesa kuphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira m'chilankhulo cha kwawo asanalowe m'Chipwitikizi. Ntchitoyo inkadziwika ndi dzina loti PEBIMO, ndipo inkayendetsedwa ndi bungwe la INDE, limene limakonza ndondomeko za maphunziro ku Maputo. Inachitika m'zigawo ziwiri zokha. Ku Gaza ana anaphunzira m'Chichangana, ndipo ku Tete anaphunzira m'Chinyanja. Ntchitoyo ikutha, katswiri wa ku America, mayi Carol Benson, anaiunika, ndipo mu 2000 anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya akatswiri yotchedwa International Journal of Bilingual Education and Bilingualism. Kufikira lero, ambiri olemba za maphunziro a zilankhulo ziwiri m'dziko lino amatchula nkhani imeneyi.

Mphunzitsi wa ku Domwe akafuna kuiwerenga amapeza pakhomo potseka. Pa foni amangoona mutu wa nkhaniyo ndi ndime imodzi yachidule. Kuti aone masamba otsalawo, kampani ya Taylor & Francis, imene masiku ano imasindikiza magaziniyo, imafuna madola a ku America makumi angapo, olipira pa intaneti ndi khadi la kubanki. Ngakhale ndalamazo zitapezeka, nkhaniyo ili m'Chingerezi, chilankhulo chachitatu kwa munthu amene anakula akuyankhula Chinyanja n'kuphunzira m'Chipwitikizi. Ana amene anayesedwa anali a ku Tete ndi ku Gaza, aphunzitsi amene analola alendo kukhala kumbuyo kwa makalasi awo analinso a komweko, koma nzeru zimene zinatuluka m'makalasimo zimawerengedwa mosavuta ku London ndi ku New York kusiyana ndi m'munsi mwa phiri la Domwe.

Mlandu umenewu si wa munthu mmodzi. Mayi Benson analembanso lipoti m'Chipwitikizi mu 1997 n'kulipereka ku INDE, ndipo zolemba zawo zina zinatulutsidwa ndi UNESCO kuti aliyense aziwerenga mwaulere. Chofunika kuunika ndi dongosolo limene limachititsa kuti nkhani yopatsidwa ulemu waukulu ikhale yomweyo imene mphunzitsi sangaifikire. Pafunikanso kuunika mankhwala amene akuperekedwa pa vutoli, omwe m'Chipwitikizi amawatchula kuti acesso aberto, kutanthauza kutsegulira aliyense zolemba za kafukufuku popanda malipiro. Mankhwalawo ndi abwino ndithu, koma momwe akuperekedwera pakali pano akuchiza yunivesite n'kusiya sukulu ya pulayimale ikudwalabe.

Zimene zatsekeredwa m'katimo

Wina angafunse ngati mphunzitsi wa kalasi yachiwiri akusowadi zolemba za akatswiri. Yankho lili m'zimene zolembazo zikunena. Mayi Benson anapeza kuti ana a PEBIMO ankayankhula momasuka m'kalasi, ankadzidalira, ndipo ankatha kuwerenga ndi kulemba m'zilankhulo ziwiri. Sanabisenso zofooka. Anaonetsa kuti ndondomekoyo inali ndi zolakwika pokonza ndi poyendetsa, makamaka pa nthawi yosinthira ku Chipwitikizi.

Mu 2003 boma linayamba kuphunzitsa m'zilankhulo 16 za m'dziko lino, Chinyanja chili m'gulu lomwelo. Pa ndondomeko imene inakhazikitsidwa nthawiyo, mwana ankaphunzira m'chilankhulo cha kwawo mpaka kalasi yachitatu, ndipo kuyambira kalasi yachinayi Chipwitikizi chinkatenga malo aakulu. Pulofesa Feliciano Chimbutane wa ku Universidade Eduardo Mondlane anakhala nthawi yaitali m'sukulu ziwiri za kumidzi kumwera kwa dziko lino, n'kulemba buku lotchedwa Rethinking Bilingual Education in Postcolonial Contexts, limene linasindikizidwa ku Bristol, dziko la England, mu 2011. Iwo anaona kuti pa maphunziro a m'chilankhulo cha kwawo ana ankakambirana ndi mphunzitsi, nthawi zina mpaka kumutsutsa. Phunziro likalowa m'Chipwitikizi, ana omwewo ankangokhala chete kapena kuyankha mwa chigulu, kubwereza mawu a mphunzitsi, zimene zimabisa kusamva kwa ana ndiponso kuvutika kwa mphunzitsiyo. Analembanso za kusowa kwa mabuku a m'zilankhulo za ana.

Chaka chomwecho cha 2011, UNESCO ndi bungwe la ADEA anatulutsa buku lounika kafukufuku wa m'mayiko ambiri a mu Africa. M'bukumo mayi Kathleen Heugh a ku South Africa anafotokoza kuti mwana amafunika zaka 6 mpaka 8 akuphunzira bwino chilankhulo chachiwiri asanayambe kuphunzira maphunziro onse m'chilankhulocho.

Mphunzitsi wa kalasi yachinayi amene akuona ana ake, omwe chaka chatha anali olongolola, atasanduka osalankhula, angathe kuganiza kuti ndi iye walephera, kapena kuti kuphunzitsa m'Chinyanja kunawononga anawo. Kholo likabwera kudzafunsa chifukwa chimene mwana akuphunzirira chilankhulo chimene amachidziwa kale, mphunzitsiyo amasowa poyambira. Mayankho ake alipo, analembedwa zaka zoposa khumi zapitazo. Lamulo la maphunziro la nambala 18/2018 linavomereza maphunziro a zilankhulo ziwiri, ndipo unduna unakonza ndondomeko yowafalitsa kuyambira 2020 mpaka 2029. Choncho chaka chilichonse aphunzitsi atsopano akulowa m'makalasi amenewa, ndipo akukumana ndi mavuto amene ofufuza anawafotokoza kale.

Mmene malondawa amayendera

Wofufuza amalipidwa ndi yunivesite, boma kapena mabungwe othandiza. Akalemba nkhani amaipereka ku magazini popanda kulandira kanthu, ndipo kawirikawiri amasainira kuti umwini wake ukhale wa kampani yosindikiza. Akatswiri anzake amaiwerenga ndi kuikonza, nawonso osalipidwa. Kenaka kampaniyo imagulitsa magaziniyo ku malaibulale a mayunivesite, kuphatikizapo yunivesite ya wolemba yemwe uja. Zili ngati mlimi wa mbatatesi wa ku Angónia atapereka matumba ake kwa wogula ulere, anansi n'kuthandiza kusankha zowola ulere, kenaka banja lonse n'kupita kumsika wa ku Ulongwe kukagula mbatatesi yomweyo.

Malondawa ali m'manja mwa makampani ochepa, monga Elsevier, Springer Nature, Wiley, Taylor & Francis ndi Sage. Kafukufuku wa Vincent Larivière ndi anzake a ku Canada, amene anatuluka mu 2015, anapeza kuti makampani asanu okha anasindikiza zoposa theka la nkhani zonse za mu 2013 zimene zinali m'kaundula wa Web of Science. Nthambi ya Elsevier yakhala ikupeza phindu loposa 30 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene imatolera.

Pali thandizo lina kwa mayiko osauka. Kuyambira mu 2002, mgwirizano umene tsopano umatchedwa Research4Life umalola mayunivesite, zipatala zophunzitsira, malo ofufuzira ndi maofesi a boma a m'mayiko monga Mozambique kuwerenga magazini ambiri mwaulere akalembetsa. Sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ya ku Ulongwe ndi mtundu wa malo amene angalembetse. Sukulu ya pulayimale ya ku Domwe, yomwe ili m'boma lomwelo, siili m'gulu limeneli.

Chimene chimakokera ofufuza kumeneko

Ofufuza ambiri amadziwa zonsezi ndipo sakondwera nazo. Amapitabe ku magazini otsekawo chifukwa cha makwerero a ntchito yawo. Mphunzitsi wa pa yunivesite m'dziko lino amayamba ngati assistente, n'kukwera kukhala professor auxiliar, kenaka associado, pomaliza catedrático. Pa sitepe iliyonse amafunsidwa zimene wasindikiza, ndipo zimene zimalemera kwambiri pa sikelo ndi nkhani za m'magazini amene ali m'makaundula awiri akuluakulu, Web of Science wa kampani ya Clarivate ndi Scopus wa kampani ya Elsevier. Magazini ambiri a m'makaundulawa ndi a Chingerezi. Ku South Africa boma limachita kupatsa yunivesite ndalama pa nkhani iliyonse imene yatuluka m'magazini ovomerezeka. Mabungwe opereka ndalama za kafukufuku nawonso amayang'ana mndandanda womwewo asanasankhe woti amuthandize.

Ulemu wa magazini umayezedwa ndi nambala yotchedwa impact factor, imene inayambitsidwa ndi Eugene Garfield wa ku America. Nambalayi imawerengera kuti nkhani za m'magaziniyo za zaka ziwiri zapitazo zatchulidwa kangati m'zolemba za akatswiri ena. Apa ndi pamene pagona vuto la mphunzitsi. Katswiri wa ku Sweden akatchula nkhani m'ndime imodzi, ngakhale asanaiwerenge yonse, nambala imakwera. Aphunzitsi 40 a mu ZIP imodzi akawerenga nkhani yomweyo n'kusintha kaphunzitsidwe ka ana mazanamazana, nambalayo sisuntha, chifukwa mphunzitsi salemba m'magazini. Sikelo imeneyi siona munthu amene kafukufuku wa maphunziro amachitikira.

Mayunivesite amanena kuti ntchito yawo ili patatu: kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu, kumene amakutcha extensão. Pa tsiku lokweza anthu pantchito, mbali yachitatuyi imapepuka. Wofufuza wachinyamata amene ali ndi mwezi umodzi wopuma ayenera kusankha pakati pa kulemba nkhani ya Chingerezi imene ingamukweze, ndi kukwera basi kuchokera ku Maputo kudzafotokozera aphunzitsi a ku Angónia zimene anapeza. Akasankha choyambacho sanalakwe, wangowerenga bwino malamulo a ntchito yake. Mu 2012 a Chimbutane ndi a Christopher Stroud anasonkhanitsa buku la m'Chipwitikizi lotchedwa Educação Bilingue em Moçambique, limene linasindikizidwa ku Maputo. Ntchito yotere ndi imene imayandikira mphunzitsi, koma imadalira mtima wa wolemba, pakuti makaundula aja saiona.

Chaka chomwecho cha 2012, akatswiri ena anakumana ku San Francisco n'kugwirizana mfundo zotchedwa DORA, zopempha kuti munthu asamayezedwe ndi dzina la magazini imene walembamo koma ndi zimene walembazo. Mabungwe zikwizikwi anasaina. Kusaina n'kosavuta, chovuta ndi kusintha fomu imene komiti yokweza anthu imagwiritsa ntchito.

Pamene mankhwala akuperewera

Mfundo yotsegulira aliyense kafukufuku inalengezedwa ku Budapest mu 2002 ndi ku Berlin mu 2003. Mu 2018 mabungwe opereka ndalama a ku Ulaya anakhazikitsa Plan S, yokakamiza amene alandira ndalama zawo kusindikiza poyera, ndipo mu November 2021 mayiko a m'bungwe la UNESCO anavomereza mfundo za sayansi yotseguka. Zimenezi zatsegula nkhani zambirimbiri, ndipo n'zoyamikika. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Matope oyamba ndi akuti makampani anangosamutsa malipiro. M'malo moti wowerenga alipire, amalipira ndi wolemba. Mu 2021 magazini ya Nature inkalipiritsa mayuro 9,500 pa nkhani imodzi yotseguka, ndalama zoposa mameticais 600,000. Magazini a za maphunziro ndi otsikirapo, komabe amafuna madola masauzande angapo. Makampani amakhululukira olemba a m'mayiko osauka, koma kawirikawiri chikhululukirocho chimagwira ntchito m'magazini otseguka kotheratu. M'magazini osakaniza, momwe nkhani zina n'zotseka ndipo zina n'zotseguka, sichifikamo, chikhalirecho magazini ambiri olemekezeka a za chilankhulo ndi maphunziro ndi a mtundu umenewu. Zotsatira zake n'zakuti nkhani ya wofufuza wa ku Ulaya, amene yunivesite yake yamulipirira, imawerengedwa ndi aliyense, pamene ya wofufuza wa ku Tete imakhalabe yotseka. Mpata womwewu unabalanso magazini achinyengo amene amalandira ndalama n'kusindikiza chilichonse osachiunika, ndipo amene amakodwa kwambiri ndi achinyamata ofulumira kukwera.

Matope achiwiri ndi chilolezo, ndipo mfundo imeneyi imakhudza aphunzitsi a zilankhulo ziwiri kuposa wina aliyense. Nkhani zotseguka zimakhala ndi chizindikiro cha Creative Commons. Chikalembedwa kuti CC BY, munthu ali ndi ufulu womasulira nkhaniyo, kuifupikitsa ndi kuigawa, bola atchule mwini wake. Chikakhala ndi zilembo zoti ND, munthu angathe kuiwerenga ndi kuigawa momwe ilili, koma sangagawe zimene wamasulira popanda kupempha. Kwa pulofesa wa ku Lisboa wodziwa Chingerezi kusiyanaku n'kochepa. Kwa gulu la aphunzitsi ofuna kuika nkhaniyo m'Chinyanja, zilembo ziwirizi ndi loko wina. N'chimodzimodzi ndi zolemba zochokera ku Malawi, kungodutsa malire a Calomue. Chinyanja cha m'sukulu za dziko lino chimatsata kalembedwe kamene akatswiri a NELIMO anagwirizana, kamene mwachitsanzo kamalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch. Kusintha kalembedweko kungathe kuonedwa ngati kusintha ntchito ya mwini, kumene kungafune chilolezo cholola.

Matope achitatu ndi akuti zotsegukazo zimatsegukira munthu wa kompyuta, magetsi ndi intaneti ya ku ofesi. Mphunzitsi wa ku Domwe amawerengera pa foni, ndi mamega ogula ndi ndalama za m'thumba mwake. Nkhani ya masamba 25, ya zilembo zing'onozing'ono, yolembedwera akatswiri anzake a wolembayo, ndi yaulere mwa dzina lokha. Amene amawerengera kuti nkhani zingati zatsegulidwa chaka chino safunsa kuti zatsegulidwira yani. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Njira zimene zilipo kale

Si kuti palibe pogwira. Ku Brazil, nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa SciELO yakhala ikutulutsa magazini a m'Chipwitikizi ndi Chisipanishi mwaulere kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo imayendetsedwa ndi ndalama za boma. Ku Portugal kuli RCAAP, yosonkhanitsa zolemba za mayunivesite a kumeneko, momwe muli ntchito zambiri za ophunzira a ku Mozambique. Mu Africa muli African Journals Online, imene inayamba mu 1998. M'dziko lino nkhokwe ya SABER inatsegulidwa mu 2009, ndipo Universidade Eduardo Mondlane ili ndi magazini yake yoti aliyense awerenge. Magazini ya Njinga & Sepé, ya pa yunivesite ya UNILAB ku Brazil, imene inayamba mu 2021 motsogozedwa ndi katswiri wa ku Mozambique, a Alexandre Timbane, imalandira zolemba za m'zilankhulo za mu Africa.

Nthawi zina ntchito imene ili yodula pakhomo lina imapezeka ulere pakhomo lina. Buku la a Chimbutane linachokera ku kafukufuku wa digiri yawo ya udokotala wa mu 2009, amene ali m'nkhokwe ya yunivesite ya Birmingham. Kafukufuku wa a Eddie Williams wa mu 1998, woyerekeza ana a ku Malawi ophunzira m'Chichewa ndi a ku Zambia ophunzira m'Chingerezi, anatulutsidwa ndi boma la Britain mwaulere. Iwo anapeza kuti ana a ku Malawi ankawerenga chilankhulo cha kwawo bwino kwambiri, ndipo pa Chingerezi sanatsalire kumbuyo kwa anzawo a ku Zambia. Imeneyi ndi mfundo imene mphunzitsi angayankhe nayo kholo lodandaula lija. Komabe zitsanzo ziwirizi zikuonetsanso malire a kutsegula kokha, pakuti zonse zili m'Chingerezi, ndipo chitseko chimene munthu sadziwa kuti chilipo sichisiyana ndi khoma.

Zoyenera kusintha

Malo oyamba osintha ndi fomu yokwezera anthu pantchito. Mayunivesite a dziko lino, kuphatikizapo Universidade Púnguè imene imaphunzitsa aphunzitsi ku Tete, angathe kuwerengera chidule cha m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, kabuku ka aphunzitsi, kapena tsiku lokambirana ndi ZIP, ngati ntchito yolemera pa sikelo. Mabungwe opereka ndalama, monga Fundo Nacional de Investigação, angathe kuika kumasulira ndi ulendo wobweza zotsatira mu bajeti ya kafukufuku aliyense wa m'sukulu. Wofufuza akadziwa kuti masamba awiri a m'Chinyanja amusendeza pafupi ndi udindo wa professor associado, adzawalemba mosachita kupemphedwa.

Ofufuza nawonso ali ndi zimene angachite lero lomwe. Magazini ambiri amalola wolemba kuika m'nkhokwe ya yunivesite yake kope lomaliza limene linavomerezedwa, nthawi zina patapita miyezi yoikika. Akapatsidwa mwayi wosankha chilolezo, asankhe chololeza kumasulira. Sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya ku Angónia ingathe kukhala posungira zidule zoterezi, zopepuka moti n'kutumizidwa pa WhatsApp kapena kusindikizidwa pa pepala limodzi.

Aphunzitsi si ongodikira. Wofufuza aliyense amene amafika pa sukulu amanyamula credencial yochokera ku ofesi ya maphunziro ya boma, ndipo amadalira kuti a dayilekitala ndi aphunzitsi amutsegulira kalasi. Nthawi imeneyo ndi yabwino kufunsa mwaulemu kuti zotsatira zidzabwera liti, m'chilankhulo chanji, ndipo adzazibweretsa ndani, yankho lake n'kulembedwa m'buku la alendo. Mphunzitsi akapeza nkhani yotseka angathe kulembera mwini wake kalata ya imelo yopempha kope, ndipo olemba ambiri amatumiza mokondwera. Pa msonkhano wa ZIP, amene amamva Chingerezi angafotokozere anzake nkhani imodzi pa teremu, ndipo anzakewo aiyeze ndi zimene amaona m'makalasi awo, chifukwa zimene zinapezeka ku Gaza sizingafanane zonse ndi za ku Angónia.

Ana amene analowa kalasi yoyamba ya PEBIMO mu 1993 tsopano akuyandikira zaka 40, ndipo ana awo ali m'makalasi a aphunzitsi a lero. Zimene zinaphunziridwa pa makolowo zingathandize anawo pokhapokha zitafika m'manja mwa mphunzitsi wawo, m'chilankhulo chimene amaphunzitsira.